Chembe pa pepala: zomwe mapu akale a Cape Maclear amanena ndi zomwe sanena

Mkangano wa malo a m'mphepete mwa nyanja ukafika povuta, sipalephera kupezeka wina wotulutsa pepala lakale lopindapinda. Amalitambasula pa mkeka nkuloza ndi chala: "Taonani, nyanja inkalekeza apa. Uku kunalibe nyumba ndi imodzi yomwe." Anthu amangoti zii, poti pepalalo ndi la boma ndipo ladzaza manambala. Koma mapu ndi mboni chabe, ndipo pabwalo mboni imafunsidwa: unaona liti, unaima pati, anakutuma ndani? Mafunso omwewa tiwafunse mapu a mudzi umodzi, Chembe, umene alendo amaudziwa ndi dzina loti Cape Maclear.

Chembe ali kunsonga kwa dera la Mfumu Yaikulu Nankumba m'boma la Mangochi, pamene mtunda walowerera m'nyanja nkuigawa mikono iwiri. Kumbuyo kwa mudzi kuli mapiri a miyala, kutsogolo kuli gombe lalitali la mchenga, ndipo pamadzi pali zilumba za Thumbi, Domwe ndi Mumbo chapatali. Kuchokera pa mphambano ya msewu wa ku Monkey Bay ndi ulendo wa makilomita pafupifupi 18, kudutsa pafupi ndi Mwalawamphini. Lero mudziwu uli ndi anthu oposa 10,000. Ndi malo ochepa, koma ajambulidwa pa mapu kambirimbiri kuposa midzi yambiri ya kumtunda, chifukwa amishoni, oyendetsa sitima, oyendetsa ndege ndi oteteza zachilengedwe onse anawafunapo, aliyense pa nthawi yake ndi pa chifukwa chake.

Dzina lenilenilo lachingerezi ndi nkhani ya mapu. David Livingstone anafika pa nyanjayi koyamba mu Seputembala 1859, ndipo mu 1861 anabweranso ndi boti limene analinyamulitsa kulambalala mathithi a Shire. Akuzungulira nsonga ya mapiriyi anaipatsa dzina la mnzake Thomas Maclear, katswiri wa nyenyezi amene ankagwira ntchito ku Cape Town. Maclear sanapondeko ku Chembe. Ntchito yake inali yolandira manambala amene Livingstone ankalemba usiku poyeza nyenyezi ndi mwezi, kuwawerengeranso, nkutulutsa malo enieni oti aikidwe pa mapu. Choncho dzina limene lili pa zikwangwani za malo ogona alendo ndi la munthu wowerengera mapu, osati la mfumu kapena msodzi wina aliyense wa pagombepo.

Mapu a nthawi imeneyo anali a munthu wodutsa. Kudziwa kuti uli kumpoto kapena kumwera motani kunali kosavuta kwenikweni: umayeza kutalika kwa dzuwa masana kapena kwa nyenyezi usiku. Chovuta chinali kudziwa kuti uli kum'mawa kapena kumadzulo motani, chifukwa izi zimadalira wotchi yosataya nthawi, ndipo wotchi yogwedezeka pa mutu wa wamtengatenga kwa miyezi ingapo siidalirika. Kukwera kwa malo ankakuyeza powiritsa madzi nkuona kuti abwata atatentha bwanji, popeza pamwamba pa phiri madzi sachedwa kubwata. Mapiri ankangowajambula ndi timizere tonga ubweya wa mbozi, tosonyeza kuti pali phiri koma tosanena kukula kwake. Livingstone sanafike kumathero kwa nyanja kumpoto, ndipo mapu ake anaifupikitsa. Anadzakonza zimenezi ndi E. D. Young, amene anatsogolera amishoni a Free Church of Scotland pamodzi ndi Robert Laws. Iwo analowa m'nyanja ndi sitima ya Ilala mu Okutobala 1875, nakhazikitsa mishoni ya Livingstonia pa Cape Maclear m'dziko la Mponda, ndipo chaka chomwecho anazungulira nyanja yonse.

Apa pali msampha woyamba kwa wowerenga mapu akale. Dzina loti Livingstonia linayenda. Malungo atawapha angapo, amishoni anasamukira ku Bandawe mu 1881, ndipo mu 1894 anakwera ku Khondowe, kumene dzinalo lakhazikika mpaka lero. Mapu a m'ma 1870 akalemba Livingstonia amanena kufupi ndi Chembe, pamene pali manda a amishoni aja chakumathero kwa gombe kulowera ku Otter Point. Mapu a m'ma 1900 akalemba dzina lomwelo amanena ku Rumphi, makilomita mazanamazana kumpoto. Wosadziwa akhoza kuganiza kuti wojambula wina analakwitsa. Chimodzimodzinso Fort Johnston ndi Mangochi, Kota Kota ndi Nkhotakota, Lake Nyasa ndi Lake Malawi. Dzina limene lili pa pepala limathandiza kudziwa zaka za pepalalo ngakhale chaka chitang'ambika.

Pambuyo pa amishoni panabwera anthu a sitima. Edmund Rhoades, yemwe uja anadzatchuka mu Ogasiti 1914 pothira nkhondo sitima ya Ajeremani yotchedwa Hermann von Wissmann ku Sphinxhaven, doko la kutsidya kwa nyanjayi, anayeza gombe ndi kuya kwa nyanja, ndipo ntchito yake inasindikizidwa mu 1902. Mapu oterewa amasamala za miyala yobisika, pokocheza ndi pothawira mwera. Zakumtunda alibe nazo ntchito kwenikweni. Phiri limalowamo ngati likuoneka kuchokera pa sitima, mudzi umalowamo ngati pali nkhuni zoyendetsera injini. Mpata wopapatiza wa pakati pa Domwe ndi mtunda umatchedwa Ilala Gap, dzina linanso lobwera ndi sitima.

Mapu amene ambiri timawadziwa, aja tinkavutika nawo pa mayeso a jogalafe ku sekondale, ndi a mtundu wina ndipo anabadwa nkhondo yachiwiri itatha. Mu 1946 boma la Britain linakhazikitsa Directorate of Colonial Surveys motsogozedwa ndi Martin Hotine, ndipo mu 1957 dzina linasintha kukhala Directorate of Overseas Surveys. Ndi chifukwa chake m'munsi mwa mapepala ambiri akale mumapezeka zilembo D.O.S. Njira yawo inali yojambula dziko kuchokera mumlengalenga. Ndege inkauluka mizere yowongoka, kupita ndi kubwerera ngati munthu wopanga mizere m'munda, ikujambula zithunzi zolowana, kotero kuti malo aliwonse ankapezeka pa zithunzi ziwiri. Zithunzi ziwirizo ukaziika pa makina oonera ndi maso onse awiri, dziko limatukuka: mapiri amaima, zigwa zimalowa pansi, monga momwe maso athu awiri amatithandizira kudziwa kutalika kwa chinthu. Poyamba zithunzi ankajambula ndi asilikali a ndege a RAF, kenako makampani olembedwa ntchito.

Zithunzi pazokha sizikwanira, chifukwa ndege imapendekeka ndipo siuluka pa msinkhu umodzi. Pamafunika malo ena apansi odziwika bwino lomwe kuti zithunzi zikhomeredwepo. Iyi inali ntchito ya masaveya ndi anthu awo onyamula katundu, amene ankakwera mapiri ndi simenti, madzi ndi zipangizo, nkumanga mabikoni pamwamba. Ali pa phiri limodzi ankayeza makona olozera ku mapiri ena awiri, nkumalumikiza dziko lonse ndi ukonde wa makona atatuatatu. Pa mapu bikoni yotere imaoneka ngati kachizindikiro ka makona atatu kokhala ndi nambala pambali. Mayina a anthu amene anasenza simenti ija sanalembedwe pa pepala lililonse limene ndinaonapo, ngakhale kuti popanda iwo palibe mzere ukanakhala pamalo pake.

Kujambula kwenikweniko kunkachitikira ku England, ku Teddington kenako ku Tolworth, ndi anthu amene sanamvepo fungo la usipa pa thandala. Iwo ankaona madenga, njira, mitengo ndi mitsinje, koma chithunzi sichinena dzina. Mayina ankachokera kuno, kudzera kwa masaveya ndi maofesi a ma DC, ndipo ankalembedwa monga momwe khutu la wolembayo lamvera. Komanso mudzi wa kwathu kuno nthawi zambiri umadziwika ndi dzina la mfumu yake. Mfumu ikasamuka ndi anthu ake, dzina limasamuka nawo, pamene pa pepala latsala pomwe linali. Mapepala oyambirira ena anatuluka mwachangu opanda nkomwe mizere yosonyeza kukwera kwa malo, ndipo mizereyo inadzawonjezedwa pa kusindikiza kotsatira.

Sikelo ya mapu amenewa ndi 1:50,000, kutanthauza kuti masentimita 2 pa pepala ndi kilomita imodzi pansi, ndipo milimita imodzi ndi mamita 50. Nambala yachiwiriyi ndi yofunika kuisunga. Nyumba ya mamita 5 ikanajambulidwa molingana ndi kukula kwake sibwenzi ikuoneka nkomwe, choncho kadontho kakuda kamene kamaimira nyumba nkakakulu kuposa nyumbayo, ndipo pamene nyumba zathithikana wojambula amangoika timadontho tokwanira kusonyeza kuti pali mudzi. Kuwerenga timadontho ta pa Chembe nkunena kuti kale kunali mabanja akutiakuti ndi kudzinamiza. Nyumba yaudzu yokhala pansi pa mtengo waukulu siioneka pa chithunzi cha ndege. Misasa ya asodzi obwera ndi nyengo imatha kukhalapo mwezi uno, mwezi wamawa nkusowa. Ngakhale mzere wobiriwira wosonyeza gombe, kunenepa kwake kokha kumaphimba mamita 10 kapena kuposerapo a mchenga weniweni. Pa gombe limene anthu amalimbirana malo poyeza ndi mapazi, mamita 10 ndi nyumba yathunthu ndi khonde lake.

Pepala lililonse limatenga gawo limodzi mwa magawo 16 a bokosi la digiri imodzi, pafupifupi makilomita 27 mbali zonse, ndipo nambala yake imanena pamene lili. Manambala awiri oyamba ndi madigiri a kumwera, awiri otsatira ndi a kum'mawa. Chilembo A, B, C kapena D chimasankha chigawo chimodzi mwa zinayi, ndipo nambala yomaliza imasankhanso chigawo chimodzi mwa zinayi za chigawocho. Monkey Bay ndi Chembe zimagwera pa 1434B2. Tsoka lake, mzere wa madigiri 14 umadutsa pang'ono chabe kumpoto kwa mudzi, kotero kuti wofuna kuona Domwe yense ndi madzi a kuseri kwake amafunika pepala lachiwiri. Msodzi amapalasa kuchoka pa pepala lina kulowa pa lina asanatope nkomwe mkono.

Mizere yofiirira yokhotakhota ija imalumikiza malo okwera mofanana. Ikathithikana ndiye kuti ndi chitunda chokwera ndi manja omwe, ikatalikirana ndi chidikha. Pa mapepala akale manambala ake ali m'mafiti, ndipo kawirikawiri mzere ndi mzere zimasiyana mafiti 50, omwe ndi mamita 15 ndi pang'ono. Nyanja ili pa mamita pafupifupi 474 pamwamba pa nyanja yamchere, kapena kuti mafiti pafupifupi 1,555. Wosayang'ana m'munsi mwa pepala akhoza kuwerenga mafiti ngati mamita nkusandutsa mapiri a kuseri kwa Chembe kukhala Mulanje. Koma vuto lalikulu ndi lakuti mudzi wonse wa Chembe wakhala pa kamtunda kosalala ka pakati pa gombe ndi tsinde la mapiri. Kusiyana kwa mita imodzi kapena awiri, kumene kumanena kuti nyumba iyi ilowa madzi ndipo iyo ipulumuka, kumabisala konse pakati pa mizere iwiri. Mapu amenewa amadziwa bwino za phiri kuposa za pakhomo.

Tsopano tifike pa nyanja yeniyeniyo, chifukwa apa ndi pamene mboni ija imatsutsidwa kwambiri. Nyanja ya Malawi siikhala pamodzi. Chaka chilichonse imakwera ndi mvula nkufika pachimake cha m'ma Epulo ndi Meyi, kenako imaphwa mpaka cha m'ma Novembala ndi Disembala, ndipo kusiyana kwake kumakhala pafupifupi mita imodzi. Pamwamba pa izi pali kukwera ndi kutsika kwa zaka zambiri. Cha m'ma 1915 nyanja inatsika kufika pafupifupi mamita 470, mpaka madzi anasiya kutuluka kulowa mu Shire, ndipo zinakhala choncho kwa zaka ngati 20, kufikira m'ma 1935. Nthawi imeneyo anthu ankalima m'kati mwa nyanja ya Malombe. Mu 1980 nyanja inafika pafupifupi mamita 477. Inatsikanso kwambiri cha m'ma 1997, ndipo mu 2024 inadutsa mamita 476 nkulowa m'nyumba ndi m'malo ogona alendo m'maboma a m'mphepete mwa nyanja. Chiyambire 1965 pali zitseko za Kamuzu Barrage ku Liwonde zothandiza kuwongolera madzi otuluka, koma mvula ndi dzuwa ndi zimene zili ndi mphamvu zambiri.

Kusiyana kwa mamita 7 pakati pa 1915 ndi 1980 sikumveka kwambiri pa nyanja yakuya mamita pafupifupi 700. Pa thanthwe la Otter Point kumangosiya mzere woyererako pamwala. Koma pa gombe losalala, kapena pa dambo la bango pamene kamtsinje kamathirira m'nyanja, mita imodzi yokwera imatha kudya mamita makumi angapo a mtunda. Mzere wa gombe umene uli pa mapu ndi pamene madzi anali tsiku limene ndege inadutsa, basi. Ndipo ndege zinkauluka m'chilimwe, mitambo itachoka koma utsi wa moto wolusa usanaphimbe dziko, nthawi imene nyanja yayamba kale kuphwa. Mapu awiri a zaka zosiyana akasemphana pa gombe la Chembe, nkutheka kuti palibe wonama. Aliyense akunena za tsiku lake.

Ndi chifukwa chake ine ndikapatsidwa pepala lotere ndimayamba kuwerenga m'mphepete, pa timalemba ting'onoting'ono timene anthu ambiri amatidumpha. Pamenepo pamakhala zaka zingapo, osati chimodzi: chaka chimene zithunzi za ndege zinajambulidwa, chaka chimene masaveya anayendera malo kukatsimikiza ndi kutolera mayina, ndi chaka chosindikiza. Zakazi zimatha kutalikirana ndi zaka khumi kapena kuposa. Kusindikizanso sikutanthauza kujambulanso. Nthawi zina ankangowonjezera msewu watsopano kapena kusintha dzina la dziko, midzi ndi gombe nkuzisiya monga zinalili pa zithunzi zakale. Munthu akanena kuti "mapu a 1970 ndi awa", funso ndi lakuti 1970 ndi chaka cha chiyani mwa zitatuzi.

Pali zinthu zina zimene zinabwera nkupita mwachangu moti mapu amatha kuziphonya. Kuyambira chakumapeto kwa 1949 mpaka mu 1950, ndege zotera pamadzi za kampani ya BOAC zoyenda pakati pa England ndi South Africa zinkatera pa Cape Maclear, ndipo panali hotela yolandirira apaulendowo. Pasanathe nthawi ndegezo zinasiya, hotela nkutsekedwa. Zithunzi zojambulidwa zaka zochepa izi zisanachitike, kapena zaka zochepa zitatha, sizingakuuzeni kuti gombe limeneli linakhalapo khomo lolowera m'dziko. Zina zinabwera nkukhazikika. Mu 1980 boma linakhazikitsa Lake Malawi National Park, ndipo mu 1984 UNESCO inaika pakiyi pa mndandanda wa malo ofunika a dziko lonse, makamaka chifukwa cha nsomba za mbuna. Pakiyi inatenga mapiri, zilumba ndi madzi ofika mamita 100 kuchokera pagombe lake, ndipo midzi monga Chembe, Msaka, Mvunguti ndi Zambo inatsala m'kati ngati zilumba za pamtunda. Mamita 100 amenewo pa mapu a 1:50,000 ndi mamilimita 2 okha. Kwa mayi wokatola nkhuni kuphiri, mzere wa malire a paki ndi umene uli ndi mphamvu pa moyo wake kuposa mizere ina yonse, komatu pa pepala lojambulidwa 1980 isanafike mulibemo.

Achinyamata a masiku ano amakonda kuika mapu akale pamwamba pa zithunzi za Google Earth pa kompyuta, kapena kutenga manambala a pa pepala nkuwalowetsa mu GPS ya pa foni. Akatero amadabwa kuona bikoni yagwera m'madzi kapena gombe lakwera phiri. Chifukwa chake nchakuti mapu akale ndi GPS siziyambira poyeza pamodzi. Mapu akale a kuno anamangidwa pa muyeso wa Arc 1950, wochokera ku ukonde wa mabikoni umene unayambira ku South Africa nkukwera kumpoto motsata mzere wa madigiri 30 a kum'mawa. Anauyambitsa ndi David Gill, mmodzi mwa amene anadzakhala pa mpando wa Maclear uja ku Cape Town, ndipo unamalizika mu 1954. GPS imagwiritsa ntchito WGS 84. Miyeso iwiriyi imaganizira kukula ndi kaumbidwe ka dziko mosiyana pang'ono, ndipo kuno kwathu manambala a malo amodzimodzi amasemphana ndi mamita 200 kapena 300. Pa kompyuta izi zimakonzedwa mosavuta ngati munthu wauza pulogalamu muyeso umene pepala lake linatsata. Akapanda kutero akhoza kulengeza kuti nyanja yadya mamita 300 a mudzi, pamene yadya ndi masamu.

Nanga pamadzi? Pa mapu a kumtunda nyanja imangokhala chibiriwiri chopanda kanthu. Koma asodzi a chilimira amadziwa kuti pansi pake pali mapiri obisika, virundu, pamene utaka umasonkhana, ndipo ali ndi mayina ake. Amawapeza popanda pepala: amapalasa mpaka nsonga ya chilumba italunjikana ndi phiri lakutilakuti, nkuyang'ananso mbali ina mpaka mlambe wa pagombe utalunjikana ndi mpata wa mapiri. Pamene mizere iwiriyo yakumana ndi pomwepo. Ndi nzeru yomweyo imene saveya ankagwiritsa ntchito pa phiri ndi makina ake, kungoti ya msodzi imasungidwa m'mutu ndipo imapatsiridwa m'bwato.

Ndisamveke ngati ndikunyoza mapepala akalewa. Pa zinthu zina palibe mboni ina yowaposa. Amasonyeza njira zapansi zimene anthu ankadzera msewu wa galimoto usanakonzedwe, makwawa amene lero anakwiririka ndi nyumba, ndi pamene minda inkalekeza m'tsinde mwa phiri. Ukawaika pamodzi ndi zithunzi za ndege zimene anachokerako, umatha kuona timisitu ta kumanda titaima tokha pakati pa minda, ndipo manda sasamuka ngati mmene amasamukira mayina. Ofufuza za kutha kwa mitengo ndi kukula kwa midzi amadalira kwambiri zithunzi zimenezi, chifukwa zimabwerera m'mbuyo zaka zambiri zithunzi za satelayiti zisanayambe mu 1972.

Wofuna mapepalawa ayambire ku Dipatimenti ya Surveys, imene imagulitsa mapu ku Lilongwe ndi ku Blantyre. Akale kwambiri amasungidwa ku National Archives ku Zomba ndi ku laibulale ya Society of Malawi ku Mandala House. Bungwe la D.O.S. linalowetsedwa mu Ordnance Survey mu 1984, ndipo zithunzi zake za ndege, zoposa miliyoni imodzi za mayiko ambiri, tsopano zili ku National Collection of Aerial Photography ku Edinburgh, mzinda womwewo kumene Free Church of Scotland inali ndi likulu lake. Pojambulitsa pepala lotere pa makina a fotokope, anthu amakonda kutenga pakati pokha pamene pali mudzi wawo, poti pepala lonse silikwana pa galasi. Muuzeni wojambulayo atengenso m'munsi ndi m'mbali monse, pamene pali zaka, sikelo, muyeso ndi nambala ya pepala, ngakhale mulipire masamba ena awiri.